Usapereke kompyuta RAM usanaiyese

Mphwanga, ndakuona wayamba kumangira anthu makompyuta, ndipo mu BIOS umalowamo ndi dzanja lopepuka. Khala pansi ndikuuze chimene chinandiphunzitsa kulemekeza tsamba la RAM.

Ndinamangira kompyuta bambo wina wojambula mavidiyo a maukwati. Ndinaikamo ma RAM anayi a DDR4, awiri atsopano, awiri ochotsa m'kompyuta ina. Ndinayatsa XMP, liwiro linafika 3200, Windows inatseguka bwinobwino, tsiku lomwelo ndinampatsa. Patatha milungu itatu anabwera nkhope ili yakugwa. Vidiyo ya ukwati inali ndi timabokosi tobiriwira pankhope ya mkwatibwi, mafayilo ena osatseguka n'komwe, pomwe makadi a m'kamera anali atawafufuta kale. Kompyutayo sinazimepo ngakhale kamodzi. RAM inkalakwitsa mwakachetechete, apa pang'ono apo pang'ono, zolakwikazo n'kumalembedwa padisiki. Vuto ndinali ine, chifukwa ndinayesa kuti kompyuta ikangoyaka ndiye kuti ili bwino.

Uyambe wadziwa kuti nambala yolembedwa pabokosi la RAM si imene imagwira ntchito ukangolumikiza. DDR4 yambiri imayamba pa 2133 kapena 2400, pa 1.2V, motsatira muyezo wa JEDEC. Ija ya 3200 kapena 3600 imabwera ukayatsa XMP, njira ya Intel imene pa mabodi a ASUS a AMD amaitchula DOCP, ndipo voltage nthawi zambiri imakwera kufika 1.35V. Pa DDR5 poyambira ndi 1.1V, ndipo mu 2022 AMD inabweretsa yake yotchedwa EXPO. Zonsezi n'kuthamangitsa RAM kupitirira muyezo, ngakhale zimachitika ndi batani limodzi. Tsono wosenza katunduyo si RAM yokha. Mkati mwa purosesa muli kachigawo koyendetsa RAM, ndipo mapurosesa awiri a dzina limodzi akhoza kusiyana mphamvu pamenepa. Ma RAM anayi amakalemetsa kuposa awiri. Ngati bodi ili ndi malo anayi iwe uli ndi awiri, kawirikawiri amalowa pa A2 ndi B2, malo achiwiri ndi achinayi kuchokera pa purosesa. Buku la bodi limanena, uziliwerenga. Ndipo usasakanize ma RAM ogulidwa padera pa kompyuta ya ntchito ya munthu, ngakhale manambala akufanana.

Gula kope. Lembamo zimene wapeza mu BIOS usanakhudze kalikonse, kenako sintha chinthu chimodzi chokha, uyese, ulembe. Ukasintha liwiro, voltage ndi ma timing nthawi imodzi, kompyuta ikakana sudzadziwa kuti wolakwa ndani.

XMP ikavuta, achinyamata ambiri amathamangira kuwonjezera voltage. Ine ndimatsitsa liwiro. Kuchoka pa 3600 kupita pa 3200, wolemba makalata kapena wokonza mavidiyo sazindikira n'komwe, koma fayilo yowonongeka aizindikira. Pa Ryzen 3000 ndi 5000, liwiro la 3600 limayenda limodzi ndi Infinity Fabric ya 1800 MHz, ndipo ukapitirira kwambiri ziwirizi zimasiyana mayendedwe, n'kupeza kuti nambala yakula koma kompyuta yachedwa. Voltage yochuluka imabala kutentha, ndipo ya purosesa ndiyo yoopsa zedi. Mu 2023 mapurosesa ena a Ryzen 7000X3D anapsa mpaka kutupa chifukwa voltage ya SoC inkakwera mopitirira, ndipo AMD inaika malire a 1.3V kudzera mu BIOS yatsopano. Nambala imene sukuimvetsa, isiye pa Auto. Ukafuna kuika BIOS yatsopano, lumikiza kompyuta ku UPS, chifukwa magetsi akathima pakati pa ntchitoyo bodi ikhoza osadzukanso.

Poyesa ndiye pamafunika mtima wodekha. Ika MemTest86 pa fulashi, uyatsire kompyuta pamenepo, uisiye izungulire kanayi. Ikadutsa, lowa mu Windows uipanikize ndi OCCT kapena Prime95 kwa maola angapo, bokosi la kompyuta lili lotseka monga mmene likakhalire kwa mwini wake. Cholakwika chimodzi chokha n'chokwanira kuti ubwerere mu BIOS. Usamati ndi chimodzi basi. Ukumbukirenso nyengo yathu: RAM imene yadutsa m'mawa wozizira wa mu June ikhoza kuyamba kulakwitsa masana a mu October, m'kaofesi ka malata kopanda mpweya. Uzisiya mpata, ndipo uonetsetse kuti mafani akukokadi mphepo kudutsa pa RAM.

Tsiku lina sikirini idzangokhala bii, mafani akuzungulira. Usanjenjemere. Mabodi a DDR5 amatha mphindi zingapo akuyesa RAM ukasintha zinthu, choncho yamba wadikira. Zikakanika, zula chingwe pakhoma, chotsa kabatire kozungulira ka CR2032 pabodi, dikira pang'ono, bwezera. BIOS ibwerera mwakale, ndipo kope lija likuuza pamene unalekezera.

Kompyuta ili patebulo pakoyo usaipereke lero, mwini wake umuuze kuti abwere mawa madzulo. Isiye igone ndi MemTest86 usiku wonse, m'mawa undiitane tidzaonere limodzi zimene yalemba.