Nsomba ya makromosomu 240 imabereka bwanji?

Nthawi ya makalata yakwana. Atatu amene ndatenga lero onse akufunsa za sturgeon, nsomba yaikulu ya kukamwa kwa pansi, ya ndevu zinayi ndi mizere isanu ya zigamba za fupa m'malo mwa mamba. Kwathu kuno kulibe. Kwawo ndi kumaiko ozizira: nyanja ya Caspian, mitsinje ya Volga ndi Danube, Siberia ndi North America.

Kalata yoyamba yachokera kwa aphunzitsi a sayansi ku Mangochi. Akuti: "Munthu ali ndi makromosomu 46, koma ndamva kuti sturgeon ili nawo oposa 200. Ine ndimauza ana kuti akachuluka choncho, chamoyo sichibereka. Kodi ndikuwanamiza?"

Aphunzitsi, simukuwanamiza, koma phunzirolo mwalisiyira panjira. Makromosomu ndi timitolo ta malangizo a chibadwa timene tili m'selo lililonse. Popanga dzira kapena umuna, thupi limatigawa pakati, kamtolo kalikonse kapeze kanzake, kenaka tipatukane. Vuto silibwera chifukwa cha kuchuluka ayi, limabwera kamtolo kakasowa kanzake. Menyani nthochi yakupsa, muidule pakati, muone timadontho takuda tija. Tikanakhala njere, koma nthochi zomwe timadya zili ndi magulu atatu a makromosomu, 33 onse pamodzi, ndipo atatu sagawika mofanana pawiri. Nchifukwa chake timabzala ana ake, osati njere.

Makolo a sturgeon anachulukitsa makromosomu awo kalekale, koma onse anachuluka limodzi. Ya mtundu wa sterlet ndi ya beluga zili nawo pafupifupi 120. Ya ku Siberia ndi ya ku Russia, pafupifupi 240. Ya shortnose ku America, pafupifupi 360. Zonsezi zimabereka bwinobwino.

Yachiwiri alemba ndi bambo amene amaweta chambo m'madamu ku Zomba: "Nanga mitundu iwiri ikakweranitsidwa, ana ake amabereka?"

Bambo, zimatengera makolowo. Mu 1952, ku Soviet Union, katswiri wina dzina lake Nikolai Nikolyukin anathira umuna wa sterlet pa mazira a beluga. Panabadwa nsomba imene anaitcha bester, ndipo imabereka, chifukwa makolo onse ndi a 120. Koma mukaphatikiza ya 120 ndi ya 240, mwana amakhala ndi 180. Amakula ndithu, nyama amakhala nayo, koma kubereka kumavuta, makamaka kwa yaikazi. Zikufanana ndi nyulu, mwana wa bulu ndi kavalo. Chodabwitsa chinachitika ku Hungary mu 2019, pomwe mazira a sturgeon ya ku Russia analandira umuna wa paddlefish ya ku America, nsomba ya banja lina, ana nkubadwa amoyo, ofufuzawo asakuyembekezera.

Yachitatu, ya mayi a ku Lilongwe, ndiyo yandigwira mtima: "Kodi izi zingachitike zokha, munthu asakufuna?"

Inde mayi, ndipo apa mpamene pali nkhawa. Ku California ndi ku Idaho, m'malo oswetsera white sturgeon, anapeza kuti ana ena akubadwa ndi magulu 12 a makromosomu m'malo mwa 8. Dzira likalandira umuna limayenera kutaya gawo lina la makromosomu a mayi. Nthawi zina silitaya, makamaka ngati lachedwa kuthiridwa umuna kapena lagwidwa mosasamala. Nsomba ya magulu 12 ukaiona ndi maso sungaisiyanitse ndi zinzake, ndipo imabereka. Koma ikakwerana ndi ya 8, ana amakhala a 10, ndipo ambiri mwa aakazi amachedwa kapena kulephera kukhwimitsa mazira.

Mlimi wa caviar, mazira okwera mtengo a sturgeon, amadyetsa yaikazi zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposa asanaone phindu. Taganizani kudyetsa zaka zonsezo, potumbula nkupeza mulibe kanthu. Komabe chimene chimandiwawa ine si ndalamazo. Mu mtsinje wa Kootenai, white sturgeon inalembedwa kuti ili pangozi yotha mu 1994, ndipo anthu a fuko la Kootenai ku Idaho amaswetsa ana nkuwabwezera mumtsinje. Nsombayi imakhala ndi moyo zaka makumi ambiri. Ya magulu 12 ikalowa m'madzimo, idzakhala ikubala ana ovutika kubereka ife titapita kale.

Choncho asanaiike nsomba mumtsinje, amaitenga kadontho ka magazi pafupi ndi mchira. Maselo a magazi a nsomba ali ndi phata mkati, ndipo makromosomu akachuluka phatalo limakula. Makina amaliyeza, ya 8 ipite kumtsinje, ya 12 itsale.

Aphunzitsi a ku Mangochi, mawa popita m'kalasi munyamule nthochi ndi mpeni. Makalata otsala tidzawerenga sabata yamawa.