Mlendo Wothaŵa Chisanu ndi Udzudzu wa Dzinja

M'mwezi wa Disembala, pamene chisanu chakula ku Britain, abale athu okhala kumeneko amabwera kudzacheza kwao. Ena amakwera Ilala kunka ku chilumba cha Likoma. Iwo amathaŵa chisanu, koma kuno amapeza dzinja, nyengo ya mvula ndi udzudzu.

Mvula ikagwa, madzi amadikha m'zithaphwi. Udzudzu wa mtundu wa Anopheles umaikira mazira m'menemo, ndipo pomatha masabata 2 wina watsopano wayamba kuuluka. Udzudzu umenewu umaluma usiku.

Ife amene timalumidwa chaka ndi chaka, matupi athu amazoloŵera pang'ono kulimbana ndi malungo. Koma munthu akakhala zaka zambiri kunja, mphamvu imeneyi imachepa, ndipo malungo angathe kumugwira moopsa monga agwirira mwana wamng'ono.

Nchifukwa chake, inu olandira mlendo, onetsetsani kuti akugona m'masikito a mankhwala usiku uliwonse, ndiponso akumwa mankhwala opeŵera malungo amene dokotala anampatsa. Akatentha thupi, mperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo kuti akayezedwe magazi.

Malungo amaonekera patapita masiku 7 kapena kuposerapo chilumidwire, mwina mlendoyo atabwerera kale. Pomtsazika, mkumbutseni kuti akakadwala akauze dokotala wa kumeneko kuti anali ku Malaŵi.