KUPHUNZITSA GARU POPANDA MKWAPULO

M'midzi yambiri garu akadya mazira kapena akagwira mwanapiye, mwini wace amathamangira mkwapulo. Ena amamuika dzira lamoto m'kamwa, ena amamumangirira nkhuku yakufayo m'khosi. Koma pakapita masiku owerengeka garuyo amabwereza, ndipo tsopano ngakhale amuitane sabwera.

Cifukwa cace ndi ici: garu amagwirizanitsa cimene wacita ndi cimene camuonekera nthawi yomweyo. Akadya mazira m'mawa, mwini wace nabwera kucokera kumunda masana namumenya, garuyo sadziwa kuti wamenyedwera mazira. Cimene waphunzira ncakuti munthu uyu akafika pakhomo ndi khasu paphewa pamakhala zowawa.

Anthu amatsutsa, amati garu amadziwa kulakwa kwace, popeza amafunya mcira ndi kugonetsa makutu. Mau amenewa anayesedwa m'caka ca 2009 ndi Alexandra Horowitz wa pa Barnard College ku New York, pa agaru 14. Munthu aliyense analetsa garu wace kudya kacakudya kena, naturuka m'cipinda. Pobwerera, nthawi zina anauzidwa kuti garu wadya pamene sanadye, nthawi zina kuti sanadye pamene anadya. Nkhope ija yonga ya manyazi inaoneka makamaka pa agaru amene anakalipiridwa, ngakhale iwo amene sanalakwe konse. Tsono si manyazi ai, koma mantha ndi kupempha kuti munthu aleke ukali.

Njira imene imathandiza ndiyo ya mphotho, ndipo sifuna ndalama. Mutu wa kapenta kapena kambamu ka nsima kobviika m'msuzi nkokwanira. Phunziro loyamba ndilo kubwera poitanidwa, pakuti garu wosabwera sangaletsedwe ciri conse. Mwini wace aime pafupi, achule dzina la garu kamodzi kokha, ndipo garuyo akangofika amupatse mphotho pomwepo ndi kumuyamika. Acite cimeneci kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, aleke garu asanatope, nabwerezenso madzulo. Pakapita masiku atalikitse mtunda, kenaka ayese pamene pali mbuzi kapena alendo. Garu akazolowera, mphotho izibwera mwa apo ndi apo. Cinthu cimodzi coipitsitsa ndico kuitana garu kuti amenyedwe: tsiku limodzi lotere limafafaniza nchito ya mwezi wathunthu.

Garu wopirikitsa nkhuku amangidwe cingwe, aimitsidwe patali ndithu ndi pamene nkhuku zikudya. Akaziyang'ana nakhala cete, kapena akatembenukira kwa mwini wace, alandire mphotho. Akayamba kukoka cingwe ndiye kuti wayandikira msanga. Abwezedwe m'mbuyo popanda kukalipa. Tsiku ndi tsiku mtundawo ufupike pang'ono. Za mazira nzapafupi koposa. Zisa zikhale pamwamba pamene garu sangafike, mazira azitoledwa msanga, ndipo garuyo azidya tsiku liri lonse. Agaru ambiri ochedwa akuba ndi agaru anjala cabe.

Nchito yonseyi imapepuka ikayamba garu akali kamwana. John Paul Scott ndi John Fuller, amene analera agaru ambiri ku Bar Harbor m'dziko la America nalemba buku lao m'caka ca 1965, anapeza kuti kuyambira milungu 3 kufikira milungu 12 kagaru kamazolowera msanga zimene kakhala nazo. Kagaru kamene pa msinkhu umenewo kakhala pakati pa nkhuku, mbuzi ndi ana, munthu wamkuru akuyang'anira, sikabvuta kaŵirikaŵiri kakakula. Ku Namibia, kuyambira m'caka ca 1994, bungwe la Cheetah Conservation Fund lakhala likupatsa alimi ana a agaru kuti akulire pakati pa mbuzi ndi nkhosa, ndipo akakula amazichinjiriza ku zirombo.

Alipo amene amati garu wosamenyedwa sakhala waukali, cotero salonda pakhomo. Koma kuuwa mlendo usiku ndi cibadwa ca garu pamalo pamene amadya ndi kugona. Cimene mkwapulo umaonjeza ndi mantha, ndipo garu wamantha ndiye amene amaluma ana a panyumba. Asanalume amayamba wacenjeza: amanyambita milomo, amayasamula, amayang'ana kumbali, amauma thupi, potsiriza naonetsa mano ndi kung'ung'udza. Ana aphunzitsidwe kucoka akaona zimenezi, ndi kusakhudza garu amene akudya kapena akuyamwitsa. Garu womenyedwa cifukwa ca kung'ung'udza amaleka kucenjeza, koma saleka kuluma.

Phindu lina limaoneka pa tsiku la katemera wa ciwewe, nthenda imene ikayamba kuoneka pa munthu imapha pafupifupi aliyense. A World Health Organization amati agaru 70 mwa 100 ali onse akalandira katemera nthendayi imaleka kufalikira m'dera. Garu wosagwirika ndi mwini wace amathawira kuchire tsiku limenelo, natsala wopanda katemera. Cotero kagaru kazolowezedwe kugwiridwa makutu, miyendo ndi khosi, ndi kuyenda pa cingwe, kulandira mphotho nthawi iri yonse, kuti pofika miyezi 3 kapite kwa a zaziweto kakuyenda kokha.