Cholumikizira chikaguluka pa makina a dialysis

Impso zikasiya kugwira ntchito, makina a dialysis ndiwo amasefa magazi. Pampu imakoka mamililita pafupifupi 300 pa mphindi iliyonse, kudzera m'timapaipi tolumikizidwa ndi tizipangizo tapulasitiki.

Tawerengetserani nokha: cholumikizira chikaguluka, lita yathunthu imatayika m'mphindi zosakwana 4. Pomwe munthu wamkulu ali ndi malita pafupifupi 5 basi!

Malo omwe chakhwepa ndi nkhaninso. Magazi asanafike pa pampu amakhala akukokedwa, ndiye kampata kalikonse kamayamwa mpweya, ndipotu mpweya wambiri ukalowa m'mitsempha ungaphe munthu. Akadutsa pampu amakhala akukankhidwa, ndiye amathawira kunja. Choopsa n'choti nthawi zina alamu salira.

N'chifukwa chake zolumikizira za Luer lock amachita kuzipotokola kuti zimange, ndipo anamwino salola kuti bulangete liphimbe malo olumikizirawo, ngakhale wodwala akumva kuzizira.