Ulendo wa kwa Apongozi Pamene M'thupi Simuli Bwino

Silverest ndi malo a m'boma la Chongwe, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, pa mseu waukuru wa Great East, kufupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Pa zaka zapitazi anamangako nyumba zambiri, ndiponso sukulu ya University of Lusaka. Ambiri okhala kumeneko agwira nchito kuyambira Lolemba kufikira Lacisanu, kotero kuti masiku ao ocezera abale ndiwo Loweruka ndi Lamulungu okha. Ena apongozi ao ali pafupi, m'midzi ya Asoli ya m'boma lomwelo. Ena ali kutali, ku Nyimba, ku Petauke, ku Katete, kapena ku Chipata, kumene kuli ulendo wa makilomita oposa 500. Phunziro ili linena za munthu amene tsiku la ulendo lamfikira, uthenga unapita kale, kumudzi nkhuku anaigwira kale, koma iye wadzuka ndi mutu ndi kuphwanya kwa thupi. Kodi apite, kapena akhale? Ndipo akapita, anene kapena abise?

1. Cimene cibisitsa munthu matenda

Mwambo wa Acewa uika ulemu waukuru pakati pa mkamwini ndi apongozi ace. Mkamwini sadya mbale imodzi ndi apongozi akazi, ndipo akakomana nao panjira apatuka. Mtengwa nayenso, pofika kwao kwa mwamuna wace, alawira mamawa kusesa pabwalo, natunga madzi, naphika. Ulemu umenewu ndi wabwino, pakuti usunga mtendere pakati pa mabanja awiri. Koma pa tsiku la matenda ubala manyazi. Mkamwini aopa kuti akasintha tsiku adzati wayamba kunyada ndi ndalama za m'tauni. Akasiya nsima adzati anyansidwa ndi cakudya ca kumudzi. Mtengwa aopa kuti akagona masana adzamucha mlesi. Potero onse awiri amwa Panadol, nakwera basi, nabisa.

Kubisa kotere kuoneka ngati ulemu, koma zipatso zace ndi zowawa. Mlendo akagwa pabwalo pa apongozi Lamulungu mmawa, abale ace amene anamuona akucoka ndi miyendo yace adzafunsa kuti, anadya ciani kumeneko? Mau a kudyetsa ndi a ufiti ayambira pomwepo, ndipo nkhalamba zosacimwa zisenza mlandu wa matenda amene anabwera pa basi kucokera ku tauni.

2. Matenda osayenera kuyenda nao

Loyamba ndilo kutsegula m'mimba kwa madzimadzi. Mu Okutobala 2023 mliri wa kolera unabuka mu Lusaka, nufalikira m'zigawo zina. Mu Januwale 2024 boma linasandutsa bwalo la masewera la National Heroes kukhala malo ociritsira odwala, ndipo linacedwetsa kutsegula masukulu. Anadwala anthu oposa 20,000, namwalira oposa 700. Kolera ayenda m'madzi, m'cakudya ndi m'manja osasamba, ndipo akhoza kupha munthu wamphamvu tsiku limodzi lisanathe. Wotsegula m'mimba asakwere basi. Ayambe kumwa madzi a mcere ndi shuga, napite kucipatala msanga. Popanda mapaketi a kucipatala, madziwo apangidwa motere: lita 1 ya madzi owiritsa ndi ozizira, masupuni ang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere.

Laciwiri ndilo cifuwa cokhalitsa. Munthu wakutsokomola masabata 2, makamaka ngati aonda ndi kutuluka thukuta usiku, ayenera kupimitsa makhololo, pakuti cingakhale cifuwa cacikuru. Kacirombo kace, kamene Robert Koch anakaona m'caka ca 1882, kayenda mumpweya, ndipo kakonda nyumba yotseka mmene anthu ambiri agona pamodzi. Mankhwala ace amwedwa miyezi 6, ndipo aciritsa.

Lacitatu ndilo cimfine ca kutentha thupi. Kwa mnyamata ciri cinthu ca masiku atatu, koma kwa khanda ndi kwa nkhalamba cikhoza kusanduka cibayo. Ngati kumudziko kuli mwana wobadwa catsopano, kapena agogo ofooka, ulendo udikire.

3. Za malungo

Kutentha thupi konse sindiko malungo, ndipo palibe munthu angazindikire ndi maso. Kucipatala atenga kadontho ka mwazi pa cala, ndipo yankho lituluka pa mphindi 15 kapena 20. Wa ku Silverest ali ndi zipatala kumbali zonse ziwiri: ca Levy Mwanawasa ku Chainama, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 2011, ndi ca boma ku Chongwe. Kupimitsa kuyenera kucitika tsiku lomwelo thupi litayamba kutentha, ndipo ulendo utsate pambuyo. Akapezeka nao malungo ampatsa Coartem, womwa kawiri pa tsiku masiku 3, pamodzi ndi cakudya; asaleke pakati cifukwa wayamba kupeza bwino.

Pali cinthu cina coyenera kucidziwa mabanja onse awiri. M'caka ca 1897 Ronald Ross anapeza kacirombo ka malungo m'mimba mwa udzudzu, ndipo tsopano cidziwika kuti udzudzu ukaluma munthu, papita masiku 7 kapena oposa asanayambe kudwala. Cifukwa cace malungo ogwira mlendo pa tsiku laciwiri la kuceza kwace sanawatenge pa mudziwo, anabwera nao. Ndipo malungo otengedwa pa mudziwo adzaoneka atabwerera kale kwace, patapita sabata imodzi kapena ziwiri. Malungo acuruka kum'mawa ndi ku cigwa ca Luangwa koposa mu Lusaka, ndipo munthu wokhala zaka zambiri m'tauni, ndi ana obadwira komweko, alibe mphamvu yolimbana nao monga anthu a kumudzi. Potero anyamule masikito, nagonemo ngakhale ulendo uli wa usiku umodzi. Ndipo akadwala atabwerera, auze a kucipatala kumene anayenda.

4. Njira ya kunena

Makolo amene anaika manyazi pakati pa mkamwini ndi apongozi anaikanso njira yopitira mau. Cimene mkamwini sangathe kunena pamaso pa apongozi, acinena mkazi wace, kapena mlamu, kapena nkhoswe. Masiku ano lamya ifikitsa mau nkhuku isanaphedwe. Mwana wamkazi angathe kunena kwa amai ace kuti, “Pepani amai, apongozi anu sanadzuke bwino, tiyambe taona kucipatala, tibwera sabata ya mawa.” Shuga, sopo ndi citenje zimene anagula atumize ndithu, kuti cidziwike kuti mtima unalipo.

Koma ngati matenda ali ang'ono, ndi osapatsirana, ndipo a kucipatala awaona, munthu angathe kupita. Anyamule mankhwala ace ndi kabuku ka kucipatala. Asayendetse galimoto yekha ali ndi cizungulire, pakuti mseu wa pakati pa Chongwe ndi Nyimba uli ndi mapiri ndi makhota ambiri. Adziwe cipatala ca pafupi ndi kumene apitako, monga St. Luke's ku Mpanshya, kapena St. Francis ku Katete, cimene cakhala cikuthandiza anthu kuyambira 1948. Ndipo pofika, atangotha malonje, zidziwike kuti mlendo sali bwino.

5. Nchito ya eni mudzi

Mlendo ndi mame, sakhalitsa. Koma masiku awiriwo ali m'manja mwa eni nyumba. Mwana akabisa matenda, kawirikawiri abisa cifukwa adziwa lilime la pa mudziwo. Apongozi anzeru, pomva kuti ulendo wasinthika, ayankha kuti moyo ndiwo woyamba, ndipo Loweruka lina liripo. Poona mtengwa wafooka, amlanda mtsuko namuyalira mphasa. Poona mkamwini wasiya nsima, atuma mwana kukamfunsa ngati akhoza kumwa phala. Ndipo mlendo akayamba kusanza kosaleka, kukomoka, kubwebweta, kupuma mobanika, kapena kuuma khosi, asadikire kuti kuce, kapena kuti abale ace afike. Afune galimoto nthawi yomweyo, natumize mau ali panjira.

6. Nyumba ya Simoni

Marko 1:29-31 asimba za tsiku la Sabata ku Kapernao, pamene Ambuye Yesu, pocokera ku sunagoge, analowa m'nyumba ya Simoni ndi Andreya. Pamenepo wodwala anali mpongozi, ndi alendo ndiwo anali amoyo. Koma phunziro liri lomwelo. A m'nyumbayo akadatha kutseka citseko ca mai wamalungoyo kuti mlendo wolemekezeka asaone, koma sanabisa, ndipo Iye anamciritsa. Kutumikira alendo kunadza pambuyo, maiyo atacira. Banja la Cikristu lisunge dongosolo lomweli: coyamba kunena zoona, caciwiri kufuna thandizo, ndipo pambuyo pace nsima ndi maceza. Akuru anati cibale ndi fupa, siciola. Kucedwa kwa sabata imodzi sikungaciononge. Koma maliro a munthu wobisa matenda alekanitsa mabanja zaka zambiri.

Mafunso okambirana

(a) Kodi m'mudzi muno anena ciani za mkamwini kapena mtengwa wosintha tsiku la ulendo? Mau amenewo athandiza munthu kunena zoona, kapena kubisa?

(b) Mlendo akadwala malungo pa tsiku laciwiri la kuceza kwace, cifukwa ninji eni mudzi alibe mlandu?

(c) Mlendo akadwala usiku, cipatala ca pafupi ndi citi, ndipo mwini galimoto kapena njinga yamoto wokhoza kudzutsidwa ndani?

(d) Kodi ankhoswe ndi akuru a mpingo angaphunzitse bwanji mabanja atsopano za nkhani imeneyi ukwati usanacitike?