Uphungu: Amphaka Anayi, Mmodzi Wodwala Chikhodzodzo

Kudyetsa amphaka angapo m'nyumba imodzi kumavuta mmodzi akapezeka ndi matenda a njira ya mkodzo, chifukwa chakudya chimene dokotala wa ziweto amalamula chimathandiza pokhapokha ngati wodwalayo sakulawa china chilichonse. Limeneli ndilo dandaulo la m'kalata ya mayi wina wa ku Lilongwe, amene akuweta amphaka anayi: aakazi awiri akuluakulu, kamwana ka miyezi isanu, ndi wamphongo wofulidwa amene wangotuluka kumene kuchipatala cha ziweto atatsekeka mkodzo. Mayiwa akuti agwira njakata, pakuti amphakawo anazolowera kudyera m'mbale imodzi imene imakhala ndi chakudya tsiku lonse, chakudya cha wodwalayo n'chokwera mtengo moti sangathe kugulira onse, ndiponso mtima ukuwawawa akaganiza zomutsekera m'chipinda chayekha ngati wapalamula mlandu.

Mayiwa ayambe ndi kufunsa dokotala kuti chimene chinapezeka mu mkodzo n'chiyani kwenikweni, popeza matenda amene amaoneka ofanana kunja amasiyana magwero. Pali timiyala totchedwa struvite, timene timapangidwa ndi magnesium, ammonium ndi phosphate, ndipo timakula mu mkodzo wopanda asidi wokwanira. Timeneti timasungunuka mphaka akamadya chakudya chimene chimachepetsa michere imeneyi n'kuonjezera asidi pang'ono mu mkodzo, monga Royal Canin Urinary S/O kapena Hill's c/d. Timiyala ta calcium oxalate ndi tina: palibe chakudya chimene chimatisungunula, ndipo tikakula timachotsedwa ndi opaleshoni. Koma amphaka ambiri osafika zaka 10 amene amavutika pokodza alibe timiyala kapena tizilombo, amangotupa chikhodzodzo popanda chifukwa chooneka, ndipo kutupa kumeneku kumayendera limodzi ndi mantha komanso kusowa mtendere pakhomo.

Funso loti onse adye chakudya chimodzi lili ndi yankho lapafupi. Aakazi awiriwo, ngati ali athanzi ndipo dokotala wavomereza, angathe kudya mitundu ina ya chakudya chotere popanda vuto, koma kamwanako ayi, chifukwa mafupa ake akukula ndipo akufuna michere yomwe yachepetsedwa dala m'chakudyacho. Mphaka wabere, woyamwitsa kapena wodwala impso nayenso sayenera kuchidya. Choncho thumba la mayiwa ndi thanzi la kamwanako zikuloza kumodzi, kuti aliyense adyere m'mbale yake.

Apa mpamene mtima wa mayiwa uyenera kukhala pansi. Kwa munthu, kudya payekha ndi chizindikiro cha kusalidwa, n'chifukwa chake wodya yekha amanenedwa kuti ndi womana, koma mphaka sali choncho. Kholo lake ndi vumbwe wa ku Africa ndi ku Middle East, amene akatswiri amamutcha Felis lybica, nyama yosaka yokha ndi kudya yokha timbewa ndi timbalame kangapo pa tsiku. Amphaka anayi ozungulira mbale imodzi amaoneka ogwirizana, komabe woyang'anitsitsa amaona wina akumeza mothamanga makutu atagona chammbuyo, wina atakhala patali kudikira kuti wamphamvuyo achoke. Kutseka chitseko kwa mphindi 20 si chilango kwa wodwalayo, ndipo mwina kadzakhala koyamba kudya osacheukacheuka.

Mbale ya tsiku lonse ichotsedwe, m'malo mwake chakudya chiziperekedwa katatu kapena kanayi pa tsiku pa nthawi zodziwika, wodwalayo m'chipinda chake, ndipo zotsala zonse zizichotsedwa chitseko chisanatsegulidwe. Kamwanako, kamene kamafuna kudya pafupipafupi, kangathe kudyera m'katoni yolimba yobooledwa kabowo koti iko kokha n'kamene kangalowe. Masiku oyamba padzakhala kulira ndi kukanda chitseko, ndipo zimenezi zimatha. Chimene sichiyenera kuloledwa ndicho kusiya mphaka ndi njala poganiza kuti ikamupweteka adya yekha, chifukwa mphaka, makamaka wonenepa, akakhala masiku angapo osadya, mafuta amadzaza m'chiwindi, matenda amene amatha kupha. Chakudya chatsopano chilowe pang'onopang'ono, mosakaniza ndi chakale kwa sabata imodzi, ndipo akachikaniratu kwa tsiku lathunthu dokotala adziwitsidwe. Ana ndi antchito apakhomo auzidwenso momveka bwino, pakuti kausipa kapena mutu wa chambo woponyedwa pansi pa tebulo mwachifundo umabweza michere yomwe ija imene chakudya chodulacho chikuchotsa.

Madzi ndi mankhwala amene mayiwa sanawatchule m'kalata yawo, chonsecho ndi otsika mtengo kuposa onse. Mphaka samva ludzu msanga, pamene wolemera makilogalamu 4 amafuna madzi pafupifupi mamililita 200 pa tsiku, kuwerengera ndi amene ali m'chakudya. Chakudya chouma chili ndi madzi pafupifupi magawo 10 pa 100 aliwonse, cham'chitini chili ndi oposa magawo 70, motero chonyowacho chimachititsa mkodzo kukhala wambiri ndi wosungunuka, timiyala n'kusowa mpata wogwirana. Ngati chilipo n'chouma chokha, chithiridwe madzi pang'ono, koma chisagone m'mbale, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala pamene chimasasa msanga. Mbale za madzi zikhale zotakata, ziikidwe m'malo angapo, kutali ndi pokodzera.

Mabokosi a mchenga okodzeramo akhale asanu, kutanthauza limodzi pa mphaka aliyense n'kuonjezerapo lina, ndipo asandandalikidwe pamalo amodzi, chifukwa mphaka wamphamvu amangogona pakhomo mwakachetechete, wamanthayo n'kumasunga mkodzo mpaka usiku.

Kutsekeka kumatha kubwereranso, ndipo kumagwera kwambiri amphongo chifukwa njira yawo ya mkodzo ndi yaitali ndi yopapatiza. Mphaka akamapita kubokosi kawirikawiri, n'kumadzikakamiza koma osatulutsa kanthu kapena kungodontheza timadontho tamagazi, akamalira ndi kudzinyambita kumaliseche, kenaka n'kuyamba kusanza ndi kufooka, eni ake ambiri amayesa kuti ndi kudzimbidwa n'kudikira kuti kuche. Kudikira kumeneko n'koopsa, pakuti mkodzo ukatsekeka impso zimaleka kugwira ntchito, mchere wa potaziyamu umachuluka m'magazi mpaka kusokoneza mtima, ndipo mphaka angathe kufa m'masiku awiri kapena atatu. Panado asaperekedwe ngakhale kachidutswa, chifukwa kwa mphaka ndi poizoni. Mayiwa asunge nambala ya dokotala pamalo oonekera, afunsiretu kumene angathamangire usiku kapena Lamulungu, ndipo m'mawa uliwonse aziona mchenga wa m'bokosi la wodwalayo ngati wanyowa mokwanira.