Chogwirira Kamera cha Thabwa Lakale: Mafunso ndi Mayankho

Kamera ndi yodula kale. Chogwirira china n'chachiyani?

Makamera ambiri amene ojambula amawakonda ndi athyathyathya kutsogolo. Leica M3 ya mu 1954, Olympus OM-1 ya mu 1972, ngakhale Fujifilm X100 imene inayamba kugulitsidwa mu 2011, onsewa alibe potukuka pokwanira poti zala zikolepo. Mukamangapo lenzi yolemera, dzanja limakhalira kufinya tsiku lonse, kachala kakang'ono kakungolendewera pansi. Chogwirira chimathetsa vutoli. Kawirikawiri chimakhala ndi zigawo ziwiri: kachitsulo kopyapyala ka aluminiyamu kogona kunsi kwa kamera, ndi kachidutswa ka thabwa koimirira kudzanja lamanja. Nzeruyi ndi yakale. Pentax 6x7 ya mu 1969, yolemera kuposa makilogalamu 2 ikakhala ndi lenzi, inali ndi chogwirira chamtengo chogula padera, chomangidwa kumanzere.

Nanga bwanji thabwa lakale, pomwe latsopano lilipo?

Thabwa limene lakhala chitseko kapena mwendo wa tebulo kwa zaka 80 linauma kalekale. Ngati linali loti lipindike kapena kung'aluka, linatero kale, ndipo wosema amaona yekha pamene pali pabwino. Matabwa ambiri akale anachekedwanso ku mitengo imene inakula pang'onopang'ono m'nkhalango zowirira, choncho mizere yake ndi yothithikana, mtundu wake unadera wokha popanda utoto. M'manja limamveka ngati mpini wa khasu umene wasalala ndi thukuta la zaka zambiri, silizizira m'mamawa ndiponso siliterera dzuwa likaswa mtengo.

Chifukwa chimene ine ndimachiika patsogolo n'chakuti chogwirira chimadya thabwa lochepa kwambiri, kachidutswa kosakwana masentimita 10 m'litali. Kugwetsera mtengo wamoyo kanthu kotere n'kuwononga chabe. Mpando umodzi wothyoka ungatulutse zogwirira zingapo.

Koma wina asakunamizeni kuti thabwa lakale linasiya kufufuma. Dzinja likafika limamwabe chinyezi cha mumpweya, chilimwe n'kunyala, makamaka cham'mbali osati m'litali.

Matabwa amenewa amawapeza kuti?

Ku America amaphwasula nyumba zakale za m'mafamu, momwe muli oak ndi chestnut. Chestnut wa kumeneko anatsala pang'ono kutheratu ndi matenda amene anaonekera koyamba ku New York mu 1904, moti thabwa lake lero limapezeka pafupifupi m'zomanga zakale zokha. Ku Scotland muli migolo yotha ntchito yosungiramo whisky. Ku Ireland ndi m'madambo a Fens ku England amafukula oak amene wagona m'matope zaka masauzande, wakuda bii chifukwa cha chitsulo cha m'madzi chimene chinalowerera m'thabwamo. Kuno kum'mwera kwa Africa kuli zipika za mukusi zimene ankayala pansi pa njanji, zambiri zochekedwa m'nkhalango za ku Mulobezi ku Zambia, komanso zitseko ndi makabati akale a mlombwa.

Si lililonse loyenera dzanja. Chipika cha panjanji chonunkha phula chinanyikidwa mu creosote, mankhwala oipa pakhungu, ndiye chisiyeni. Penti yakale kwambiri imakhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake ndi poizoni.

Wosema amayamba bwanji?

Amayamba ndi kusaka misomali. Msomali wothyokera m'kati suoneka, koma umabenthula mano a sowo nthawi yomweyo, choncho amayendetsa kaye maginito kapena kachipangizo kofufuzira zitsulo pathabwa lonse. Likakhala ndi timabowo ta kufumbwa, amalitenthetsa mpaka pakati pake pafike madigiri 56 kwa mphindi 30, muyezo womwewo umene amatsatira pa matabwa opakiramo katundu wodutsa malire. Kenako amalisiya m'chipinda chogwiriramo ntchito kwa masabata angapo kuti lizolowere mpweya wa m'menemo.

Akamadula, mizere ya thabwa iyenera kutsika kuchokera pamwamba kupita pansi, kutsata kutalika kwa chogwiriracho. Ikapingasa, tsiku lina chidzathyoka pakhosi kamera ili m'manja. Mbali yokhudza kamera amaipala mpaka igone bwinobwino, n'kumatapo kachikopa kopyapyala kuti isakande. Mbali ya zala ndi imene imadya nthawi. Amapala ndi tupa pang'ono, n'kugwira, n'kupalanso. Ena amadetsa thabwalo ndi pensulo, n'kulifumbata mwamphamvu: pamene pafufutika ndi pamene chala chikutsamira, ndipo mpomwe amakumba kadzenje. Chala chapakati chimafuna pokolowekapo pamwamba, chifukwa chala cholozera chiyenera kukhala chomasuka pa batani lojambulira. Pomaliza ndi sandipepa, kuyambira wa 120 mpaka wa 400, kenako mafuta a tung kapena linseed opakidwa mopyapyala kangapo, ndi phula la njuchi pamwamba. Vanishi wonyezimira ine sindimufuna pano, amaterera m'manja mukatuluka thukuta. Nsanza zopukutira linseed aziyanika potambasula, chifukwa zikaunjikidwa zimatha kuyaka zokha.

Kodi chingawononge kamera yanga?

Chingathe, ngati wopanga wakometsa thabwa n'kunyalanyaza bawuti. Bowo la kunsi kwa kamera lili ndi mazinga a muyezo wa 1/4-20, ndipo mabuku a makamera a Sony amachenjeza kuti bawuti yolowa mmenemo isafike mamilimita 5.5. Yotalika imakankha za m'kati. Bawutiyo idutse m'chitsulo, osati m'thabwa lokha, chifukwa thabwa likanyala imakhwefuka ndipo kamera imayamba kuzungulira. Oak ali ndi asidi amene amadyetsa dzimbiri chitsulo wamba n'kusiya mabanga akuda, choncho timabawuti tomangira thabwa tikhale ta brass kapena chitsulo chosachita dzimbiri.

Musanalipire, onani ngati chitseko cha batire chikutseguka chogwirira chili pomwepo, komanso ngati kunsi kuli bowo lina lomangira pa tripod. Opanga ambiri amasema kachitsuloko m'muyezo wa Arca-Swiss kuti kalowe m'chopanira cha tripod mosavuta.

Ndingadutse nacho malire kapena kuchitumiza kunja?

Zimadalira mtundu wa mtengo. Pangano la mayiko la CITES, loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pangozi yotha, linaika rosewood wa ku Brazil pa mndandanda woyamba, woletsa malonda, mu 1992, ndipo ngakhale kachidutswa kochokera ku piyano yakale kamafuna chikalata chosonyeza kuti mtengowo unadulidwa lamulolo lisanabwere. Msonkhano wa ku Johannesburg wa mu 2016 unaika mitundu yotsala ya Dalbergia, gulu la rosewood ameneyu, pa mndandanda wachiwiri, wofuna chilolezo, kuyambira mu 2017, ndipo phingo wathu ali m'gulu limeneli. Mu 2019 anamasulako zinthu zosema kale zosaposa makilogalamu 10 pa katundu mmodzi, choncho chogwirira chimodzi cha phingo chimadutsa. Chaka chomwecho mukula unalowa pa mndandanda wachiwiri, ndipo dziko limene linapempha zimenezi linali Malawi.

Vuto ndi lakuti mawu oti "thabwa lakale" ena amabisalira nawo, phingo wodula chaka chatha n'kumutcha wa m'nyumba ya atsamunda. Funsani wogulitsa kuti thabwalo linali chiyani lisanasemedwe, ndipo akuonetseni chithunzi chake lili ndi mabowo a misomali kapena penti yake yakale. Pa risiti alembepo dzina la mtengowo, chifukwa akasitomu amafunsa dzina limenelo.